Mwana wabwera kachisanu, malungo alibe: tikumuphonya pati?

(Zokambirana za pa gulu la pa foni la ogwira ntchito zaumoyo ndi anzawo.)

Sista NaJere: Madzulo abwino nonse. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandikhala pamtima kuyambira masana. Lero kwabwera kamtsikana ka zaka 11, ka Standard 6, ndi agogo ake. Dandaulo lake mutu ndi m'mimba. Mukudziwa mzere wa Lolemba, ndinamutumiza kukayezetsa malungo ndisanatsegule n'komwe buku lake. Zatuluka kuti alibe. Potsegula health passport kuti ndilembe panado, ndaona kuti kuyambira Januwale aka n'kachisanu. Tsamba lililonse nyimbo yake ndi imodzi: mutu, m'mimba, mRDT (kuyeza malungo kuja) negative, panado. Ulendo wina anapatsidwa LA ngakhale malungo sanapezeke, ulendo wina albendazole wa njoka zam'mimba. Masamba awiri mwa amenewo ndi dzanja langa lomwe. Manyazi anandigwira.

Ndinapempha agogo kuti akhale kaye pabenchi panja. Mwana anangoweramira pansi, akukanda m'mphepete mwa tebulo ndi chikhadabo. Ndinamufunsa kuti mutuwo umayamba nthawi yanji. Akuti kukamada. Ndinati, kukamada umaganiza chiyani? Basi misozi chuchuchu. Amayi ake anapita ku Joni mu Novembala. Ankaimba Lamlungu lililonse pa foni ya aneba, koma tsopano miyezi iwiri zii. Iye akukhulupirira kuti anamwalira, akuluakulu akungomubisira. Sagona, nsima amangotema kawiri, fulaye anasiya, ndipo teremu yatha wagwa pomwe kale ankakhala m'gulu la oyambirira.

Ndawauza abwerenso Lachinayi masana. Koma kunena zoona sindikudziwa kuti Lachinayilo ndidzatani. Ndithandizeni maganizo.

MA (Medical Assistant) Gondwe: Sista musadzigamule nokha, tonse timatero. Benchi ikadzaza ndipo clinician uli wekha, buku umatsegula pa tsamba lopanda kanthu basi, zam'mbuyo uwerenga nthawi yanji? Ine ndikanamupatsa amitriptyline 25 mg usiku kuti azigonako. Ndi imene imapezeka.

Kamanga wa Mental: Achimwene a Gondwe, chonde amitriptyline ayi. Buku la mhGAP la WHO lotsogolera pa matenda a maganizo, lija la 2016 limene ambiri tinaphunzitsidwa nalo, likunena mosapsatira: mwana wosakwana zaka 12 sapatsidwa mankhwala a depression, matenda a kukhumudwa kosatha aja. Ndipo amitriptyline ngakhale kwa wa zaka 15 siyoyenera. Kwa ana sithandiza monga imachitira kwa akulu, komanso mwana akamwa yambiri nthawi imodzi imasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kupha. Ndiye tangoganizani, mwana amene sitinamufunse n'komwe ngati amaganiza zodzipha, tikumupatsa kathumba ka mapiritsi a mwezi wonse. Diazepam nayenso ayi. Agonadi, koma m'mawa nkhawa ili pomwepo, m'kalasi akusinza.

MA Gondwe: Ndamva bwana. Ndiulule, ndaperekapo kangapo kwa ana a sekondale. Ndasiya.

HSA Chimphepo: Akuluakulu, ine ndine wakale, mundikhululukire. Mwana wa zaka 11 angakhale ndi maganizo a chiyani? Lendi salipira, fetereza sagula. Ife tinakula atate ali ku Theba, zaka ziwiri osaoneka, kalata kubwera kamodzi pa miyezi itatu. Palibe anapita nafe kuchipatala. Kodi sikuti tikuwasasatitsa anawa?

Madam NaMbewe: Bambo Chimphepo, ndikuyankheni monga mphunzitsi. Maganizo a mwana ndi aang'ono kwa inu, kwa mwiniwake ndi phiri. Ine ndimaphunzitsa ku Blantyre, ndipo ana ena a m'kalasi mwanga anali ku Chilobwe pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023. Patapita chaka chathunthu, mvula ikangoyamba kugogoda pamalata, kamnyamata kena kankatseka makutu n'kulowa pansi pa desiki. Anzake kumuseka. Kamtsikana kena kankakana kubwera kusukulu kukakhala mitambo, kuopa kuti pobwerera sikakapeza amake. Amake ankati ndi ulesi, n'kumakapirikitsa ndi kamtengo mpaka pageti.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife aphunzitsi timaona wosokoneza yekha. Wachete uja timamuyamikira: taonani mnzanuyu, wofatsa, waulemu. Chonsecho mwana akumira.

Kamanga wa Mental: Funso la a Chimphepo silolakwika, chifukwa si mwana aliyense wolira amene akudwala. Mwana amene amake achoka ayenera kusungulumwa, n'chibadwa. Chimene timayang'ana ndi nthawi komanso chimene chasweka m'moyo wake. Zikhale zatenga masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zamulanda zinthu zimene ankachita: sukulu, kudya, tulo, kusewera. Wa Sista NaJere watha miyezi, ndipo zinayi zonsezo zagwa.

Chimene chimatisocheretsa n'chakuti mwana sabwera n'kunena kuti ndakhumudwa. Ngakhale akuluakulu kuno sitinena choncho, timati mtima ukuthamanga, mutu ukutentha, thupi lonse likuphwanya. Mwana ndiye kwambiri. Wina m'malo mooneka wachisoni amangopsa mtima, kuyankha mwamwano, kumenya ang'ono ake, ndiye kunyumba amati wayamba matama chifukwa akukula. Wankhawa amakakamira amake, m'mimba mumamupweteka m'mawa wa tsiku la sukulu koma Loweruka ali bwinobwino, wina amayambiranso kukodza pogona atasiya kalekale. Okulirapo, makamaka nthawi ya PSLCE ndi MSCE, amabwera akubanika, akunjenjemera, thukuta kamukamu, akuti ndikufa. Mumapima zonse zili bwino, pakatha mphindi zingapo zatha. Ameneyo sakunamizira.

Koma kuyeza thupi musasiye. Onani magazi ngati ndi okwanira, sikelo, HIV ngati sanayezetsepo, ndipo funsani mankhwala amene akumwa. Phenobarbitone amene timapatsa ana akhunyu amatha kusintha khalidwe la mwana ndi kumufooketsa mtima. Efavirenz wa HIV uja nayenso, ngakhale ambiri tsopano ali pa dolutegravir.

HSA Chimphepo: Mwati kukodza pogona? Mmm.

Sista wa ART: Ndiwonjezereko za kwathu ku teen club, gulu la achinyamata amene ali ndi HIV. Kafukufuku amene a Baylor, osamalira ana amene ali ndi HIV aja, anachita kuno ku Malawi n'kutuluka mu 2014 anafunsa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi HIV, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anapezeka ndi depression. Ine ndisanadziwe zimenezi, mwana akabwera viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) itakwera ndinkangoyamba ulaliki: ukufuna kufa iwe? Lero ndimayamba ndi kufunsa kuti kusukulu zikuyenda bwanji. Mnyamata wina wa Form 2 wa kuboarding anasiya kumwa ma ARV chifukwa mnzake wa mu hostel anapeza botolo m'chikwama n'kuligwedeza pamaso pa anthu ngati chisekese. Kuyambira tsiku limenelo sanadyenso ku dining, ankangogona chofunda kumutu. Adherence counselling ya masiku onse ija, yolangiza za kamwedwe ka mankhwala, ikanamuthandiza chiyani ameneyu?

Mai a Tadala ku Joni: Ine ndimangowerenga pagulu pano, sindilemba, koma lero ndalira pa basi. Nanenso ndinasiya awiri ndi amayi anga. Ndikuuzeni chifukwa chake foni imasiya kulira, mwina zingathandize. Nthawi zina akubera foni. Nthawi zina ganyu yatha, mwezi watha sunatumize kanthu, ndiye ukaimba mawu oyamba amene umamva ndi akuti ufa watha, yunifomu yang'ambika. Umati ndiimba ndikapeza kangachepe. Sabata imakhala mwezi. Sumaganiza n'komwe kuti mwana akuwerenga ma Lamlungu. Sista, mayi ameneyo mwina ali moyo, akungochita manyazi. Afunseni agogowo paokha.

Sista NaJere: Asisi, zikomo kwambiri. Zimenezi sindikanaziganiza.

Abusa Mwale: Ine ndimayendera odwala kuchipatala, ndiye ndimaona mbali zonse. Mabanja ambiri asanafike kwa inu amakhala atayamba kwa ife kapena kwa asing'anga. Pemphero sindingalinyoze, ndi ntchito yanga. Koma ndaonapo mwana wosagona usiku, wolota zoopsa, akumuuza kuti akutamba, n'kumuumiriza kuulula pamaso pa mpingo ndi kusala kudya masiku atatu. Mwana wodwala kale nkhawa mukumuuza kuti ndi mfiti, mwamuthandiza kapena mwamumaliza? Ine ndimapemphera nawo, kenako ndimati mawa tipitire limodzi kuchipatala. Vuto ndi lakuti akamva za mental amaganiza za Zomba, unyolo ndi jakisoni, ndiye amathawa.

Kamanga wa Mental: Zoona abusa. Ndipo mwana ngati uyu alibe chokachita ku Zomba Mental, kapena ku St John of God ku Mzuzu. Ntchito yake yambiri ili pa health centre pomwepo ndi kunyumba. Mawu akuti misala musawatchule n'komwe. Ine kwa agogo ndimati: mwanayu mutu ukumupwetekadi, sakunama, koma chikuupweteketsa ndi kuganiza kwambiri, ndipo zimachizika. Mawu akuti kuganiza kwambiri aliyense amawamva, palibe amakhumudwa nawo.

Sista, Lachinayi chitani izi. Muyambe ndi mwana payekha, mumuuze kuti zimene anene simukaulutsa, kupatula ngati moyo wake uli pangozi. Mufunse za kunyumba: amagona ndi ndani, alipo amene amamumenya, alipo amene amamugwira mosayenera. Funso limeneli musalilumphe chifukwa choti mwapeza kale nkhani ya amake. Mwana amene mayi wake kulibe ndi amene anthu oipa amamupezerera. Kenako mufunse mwachindunji ngati amaganizapo zoti bola kufa, kapena zodzivulaza.

MA Gondwe: Apa ndiye pamandivuta. Kumufunsa mwana wa Standard 6 zodzipha, si kumupatsa nzeru zoipa kumeneko?

Kamanga wa Mental: Ayi, kufunsa sikubzala ganizolo, zimenezi zinafufuzidwa kokwanira. Amene alibe amangoti ayi, n'kukuyang'anani modabwa. Amene ali nalo nthawi zambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa. Mumayamba patali: ana ena akavutika mumtima chonchi amalakalaka atangogona osadzukanso, iwe zinakufikirapo? Akati inde, mufunse ngati anaganizapo njira, ngati anayesapo. Akakhala ndi njira kapena anayesapo, ameneyo asachoke yekha, asasiyidwe yekha, ndiimbireni tsiku lomwelo timuone ku district. Ndipo mulimonse muwauze akunyumba achotse mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi a agogo pamalo ofikirika. Ana ambiri amachita zimenezi mwa mkwiyo wa mphindi zochepa, chinthu chikakhala patali mphindizo zimadutsa.

Mukapeza nkhanza kapena kugwiriridwa, imeneyo si nkhani yokambirana pabanja. A social welfare, Victim Support Unit ya polisi, One Stop Centre komwe ilipo. Nambala ya 116 ndi yaulere, mwana angathe kuimba yekha.

MA Gondwe: Bwana Kamanga, zonsezi n'zabwino, koma inu mumaona anthu khumi pa kiliniki yanu. Ife mphindi zitatu pa munthu. Zimene mwalembazi ndi theka la ola. Amayi a ana otentha thupi ali panja aja andigenda.

Kamanga wa Mental: Khumi ayi kkkk, koma mfundo yanu ndaimva ndipo sindikutsutsa. Pa mzere wa m'mawa sizingatheke.

Sista NaJere: N'chifukwa chake ndinati Lachinayi masana. Ikakwana 2 koloko kwathu benchi imakhala itapepuka. M'mawa chimene chikufunika n'kungotembenuza masamba awiri am'mbuyo, masekondi ochepa, ukaona kuti wabwera katatu ndi zomwezomwezo umupatse tsiku. Ine zimene zandipweteka n'zakuti nthawi imene tinataya pa maulendo asanu aja, kuphatikiza ma test kit asanu ndi LA wopanda ntchito, ikuposa theka la ola limene tikulikanali.

Lungu wa ku Pharmacy: Funso langa ndi la okulirapo. Wa zaka 15 kapena 16 amene zamukulira, mankhwala ake ndi ati? Fluoxetine kwathu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera ndi makapisozi a 20 mg.

Kamanga wa Mental: Kuyambira zaka 12 kupita m'tsogolo, fluoxetine ndi yekhayo amene mhGAP ya 2016 ija inaloleza, ndipo pokhapokha kukambirana kwayesedwa koma sizikusintha. Amayambira pa 10 mg, ndiye nkhani ya makapisozi anuwo ndi chifukwa china choti tiyambe takambirana musanapereke. Mufunse kaye ngati anakhalapo ndi nyengo yosagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, kulankhula kosalekeza, kudziona ngati wamkulu, chifukwa wotereyo fluoxetine angamuutsirenso nyengo yoteroyo, imene timati mania. Mankhwala asunge ndi munthu wamkulu. Masabata oyambirira muzimuona sabata iliyonse, chifukwa kwa achinyamata ena maganizo odzipha amakwera poyamba, ku America a FDA, bungwe loyang'anira mankhwala, anaika chenjezo lalikulu pa zimenezi mu 2004. Muwauziretu kuti sagwira ntchito ngati panado, pamatenga masabata angapo, ndipo akapeza bwino apitirize miyezi 9 mpaka 12. Ndiye a Lungu, ngati simungatsimikize kuti mwezi wamawa adzakhalapo, tiuzeni tisanamuyambitse mwana.

Madam NaMbewe: Nanga kukambirana mukunenaku n'kutani kwenikweni? Chifukwa ife tikamva counselling timaganiza za kulangiza, mwana ali chete wamkulu akulankhula.

Kamanga wa Mental: Ndi mosemphanitsa, Madam. Wamkulu afunse, mwana alankhule. Musankhe naye vuto limodzi, osati onse, n'kufunafuna naye chimene chingatheke sabata ino. Ku Harare a Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi njira yomweyi, kukhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu amene akuganiza kwambiri, kumene kuja amati kufungisisa. Friendship Bench ija. Inayambira kwa akuluakulu, koma mzimu wake ndi womwewo. Kwa mwana timawonjeza zinthu zooneka zazing'ono: abwerere ku fulaye ngakhale sakufuna, chifukwa chilakolako chimabwera pambuyo pa kuchita. Nthawi yogona ikhale imodzi. Wamantha mumuphunzitse kupuma pang'onopang'ono, dzanja pamimba. Wokana sukulu musamusiye kunyumba mpaka mantha adzathe, satha choncho, amakula. Abwerere pang'onopang'ono, womuperekeza alipo, mphunzitsi akudziwa, kamtengo kulibe. Apa ndi pamene inu ndi a mother group mumatiposa ife.

HSA Chimphepo: Ndakhala chete dzulo lonse, ndimaganiza. Nthawi imene atate anali ku Theba ija, mng'ono wanga anali ndi zaka 9. Anayamba kukodza pamphasa usiku uliwonse. Amayi ankayanika mphasayo pabwalo dala kuti anzake aone, amalume ankamukwapula. Madzulo ankakakhala yekha pa chulu cha kumsewu kuyang'ana kumene basi imachokera. Ife tinkamutcha dzina lachipongwe limene sindilemba pano, mpaka lero ena amamuitana nalo, ndi bambo wa zidzukulu. Atate atabwera anasiya kukodza sabata yomweyo, ndipo tonse tinati waopa atate. Zaka zonsezi ndinali ndisanazilumikize. Sista, ngati mudziwo uli m'dera la HSA amene ndikumudziwa, ndiuzeni kumbali ndimutume azikawazonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ife oyenda m'midzi nthawi yodekhayo tili nayo kuposa inu a pa OPD.

Sista NaJere: Ndabwera ndi lipoti la Lachinayi. Anabwera, ngakhale mochedwa. Magazi ali bwino, sikelo yatsika pang'ono poyerekeza ndi Januwale. Za nkhanza wakana, ndipo ndinafunsa kawiri m'njira zosiyana. Funso lija ndinafunsa, mawu akunjenjemera ine mwini. Anati nthawi zina amafuna atangogona osadzuka kuti akawapeze amake. Njira sanaganizepo. Agogo ndawauza, ndipo mankhwala a chimanga amene anali pawindo apita kwa amalume ake.

Mai a Tadala, munalasa. Agogo nditawatengera paokha anaulula kuti mayiyo ali moyo, ntchito inatha, akukhala kwa mnzake. Amalankhulana ndi mlongo wake wa mayiyo, koma anagwirizana kuti mwana asauzidwe kuti angadandaule. Ndiye mwana ankaona akuluakulu akunong'onezana, iye akafika n'kukhala chete. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Agogo anagwira pakamwa nditawauza zimene mdzukulu wawo amakhulupirira. Tinaimbira amalumewo pa foni yanga, iwo anatumiza uthenga, ndipo tisanatseke kiliniki voice note ya amake inafika. Masekondi 40. Mwana anaimvera kanayi, foni ataikanikiza kukhutu ndi manja awiri.

Sindikunena kuti wachira. Potuluka anati mutu ukupwetekabe, ndipo sanamwetulire. Tagwirizana kuti Lamlungu lililonse kuzibwera voice note, ndalama zilipo kapena palibe, Loweruka apite kukasewera kwa mnzake mmodzi amene wamutchula yekha, ndipo abwerenso Lachinayi likudzali.

Chandivuta china: m'buku ndilembe chiyani? Health passport imagwiridwa ndi aliyense, aphunzitsi akafuna umboni woti anadwala, aneba, amalume.

Mai a Tadala ku Joni: Ambuye akudalitseni Sista. Inenso anga ndawaimbira usiku wathawu, wopanda ndi tambala yomwe yotumiza.

Kamanga wa Mental: Mwagwira ntchito Sista. Mu register ya chipatala lembani dzina la matenda bwinobwino, chifukwa tikapanda kulemba, ku district amati vutoli kulibe ndipo mankhwala ndi maphunziro sizibwera. M'buku la mwana lembani mwachidule zimene clinician wotsatira angamve, ndi tsiku lobweranso, ndi kuti asapatsidwe amitriptyline kapena diazepam. Zinsinsi za m'banja ndi zimene wakuuzani payekha zisalowe m'menemo. Chifukwa cha yankho lake pa funso lija, muzimufunsanso ulendo uliwonse. Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi osasintha, kapena zikaipiraipira, ndidzamuone pa outreach, galimoto ikapezeka mafuta.

MA Gondwe: Lero ndatembenuza masamba am'mbuyo monga munanenera. Mnyamata wa zaka 13, chifuwa kubanika kanayi kuyambira Febuluwale, salbutamol wa mphumu kawiri, chifuwa chili mbee. Bambo ake amayankha mafunso onse iye asanatsegule pakamwa. Ndawapatsa Lachiwiri 2 koloko. Sista NaJere, munawauza mawu anji agogo aja kuti atuluke osakhumudwa? Bambo awa akuoneka ovuta.